Mphini pa Chifuwa cha Tiyamike

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, makamaka inu amene mukulera ana odwala mtima, landirani moni kuchokera kuno ku Nathenje. Ambiri mumandidziwa ngati mphunzitsi wosalankhulalankhula uja amene amakhala kumbuyo m'tchalitchi. Chaka chino ndinaika mkazi wanga m'manda, ndipo udzu usanamere pamanda pake ndinatsala pang'ono kuikanso mwana wathu mmodzi yekhayo. Ndakhala ndikuzengereza kulemba chifukwa sindidziwa kufotokoza za mumtima. Koma namwino wina anandiuza kuti zimene zinatigwera zingagwere khomo lililonse pamene pali mwana womwa mankhwala amene wanga amamwa, ndiye ndati ndilembe.

Mwana wanga dzina lake ndi Tiyamike, ndipo ali ndi zaka khumi. Ali wamng'ono ankadwaladwala zilonda zapakhosi, kenako mawondo anayamba kutupa, mpaka anafika polephera kuyenda kuchokera kunyumba kukafika kusukulu osapumira panjira. Kuchipatala chachikulu cha m'tauni anapeza kuti matendawo anawononga kachitseko kena ka mumtima, kamene madokotala amati valavu. Patapita nthawi anamutumiza kunja kukachitidwa opaleshoni, ndipo amene anapita naye ndi mayi ake, Esnati. Anabwerako ndi kachitseko kachitsulo. Mukakhala naye m'chipinda muli zii, mumamva kakugunda m'chifuwa mwake ngati wotchi ya pamkono.

Magazi amakonda kuundana pa chitsulo chotere, ndipo akaundana kachitsekoko kamatsekeka. Nchifukwa chake Tiyamike amamwa piritsi lotchedwa wafarini tsiku lililonse, ndipo adzamwa moyo wake wonse. Piritsili limachedwetsa magazi kuundana. Likachepa mphamvu, mtima uli pangozi. Likachuluka mphamvu, kabala kakang'ono kamakha magazi osaleka. Palibe amene angadziwe ndi maso kuti lili pati, koma pokhapokha akamuyeza magazi kuchipatala. Esnati anaphunzira zonsezi ali kunja kuja, ndipo pobwera anandiphunzitsa ine. Dzuwa likamalowa ankamupatsa piritsi lake, kenako n'kuika khutu pachifuwa cha mwanayo, n'kunena kuti, "Wotchi yathu ikuyenda."

Esnati anamwalira m'nyengo ya dzinja ali ndi pakati. Mwana amene ankayembekezerayo anapita naye limodzi. Za zimenezi sindinena zambiri.

Tinakamuika kwawo, mudzi wina kuseri kwa Mitundu. Tsiku lometa litakwana, achibale anakhala pansi kukambirana za mwana. Amene ankatsogolera anali mlamu wanga a Lufeyo, mlongo wake wamkulu wa Esnati, mlimi wa fodya, munthu wamawu aakulu amene sanapondepo m'tchalitchi chibadwire. Iwo ndiwo mwinimbumba, ndipo ine kumeneko ndine mkamwini chabe.

"Alamu, mbali yanu mwachita, sitikudandaula," anatero. "Koma mwanayu ndi wa mbumba ino. Ndi wamkazi, akukula. Akadzatha msinkhu mudzamulangiza ndinu? Mudzamuuza chiyani, masamu?"

Ena anaseka pang'ono, ngakhale panali pamaliro. Ine ndinalibe mphamvu zolimbana ndi munthu. Mwambo ndimaudziwa, ndipo mawu awo sanali opanda nzeru. Anagwirizana kuti Tiyamike akhale ndi mayi ake aakulu, a Nankhoma, mkulu wake wa Esnati. Ndisananyamuke ndinakhala nawo pakhonde n'kuwafotokozera zonse zimene ndinkadziwa. Ndinawauza kuti piritsi azimwa nthawi imodzimodzi, asadumphitse, ndipo akaiwala asadzamwe awiri mawa lake. Ndinawauza kuti asachekedwe, asagwire mpeni, asakwere mumtengo. A Nankhoma anamvetsera misozi ili m'maso, ndipo ndikuchitira umboni kuti anasunga zonsezo. Sanadumphitse piritsi ngakhale limodzi. Mwanayo sankamulola ngakhale kusenda mbatata.

Ndinabwerera ku Nathenje ndekha. Nyumba ya aphunzitsi imene tinkakhala atatu inandikulira. Ndinkaphunzitsa, ndinkachonga makope, ndinkabwera kunyumba n'kukhala pampando osavula nsapato. Kuphika ndinasiya, ndipo nthawi zambiri tiyi yekha ankandikwanira. Kupemphera ndinkayesa, koma ndikati "Atate" mawu ena sankabwera. Tsiku loyeza magazi a Tiyamike linali litagwera m'sabata ya maliro, ndipo tinagwirizana kuti ndidzapita naye sukulu ikatsekera. Sitinadziwe kuti kudikira kumeneko kunali kotalika kwambiri.

Zimene zinkachitika ku Mitundu ndinazimva pambuyo pake. Mwanayo anasiya kudya bwino chifukwa cha chisoni, ndipo ndiwo zamasamba zimene ankadya tsiku lililonse mayi ake ali moyo sankazikhudzanso. Ankalira mpaka mutu kumupweteka, ndiye a Nankhoma ankamugulira mapiritsi a mutu pa okala, aja okhala ndi asipirini. Atayamba kutsokomola anamugulira makapisozi kwa munthu wina wogulitsa mankhwala pamsika. Zonsezi zinkawonjezera mphamvu ya wafarini, kapena kuchititsa kuti magazi azituluka msanga, koma palibe amene ankadziwa. Iwo ankangoona kuti akusamalira mwana wamasiye.

Kenako Tiyamike anayamba kudzuka ndi mikwingwirima yakuda m'miyendo ndi m'mikono, ngati wina wamumenya kapena kumutsina ali m'tulo. Nkhama zinkatuluka magazi akamatsuka m'kamwa. Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa zimene anthu amanena mwana akadzuka ndi zizindikiro zotere. Imfa ya Esnati inali itasiya kale manong'onong'o, ndipo tsopano anthu anati amene anatenga mayi abwerera mwana. Ine sanandiuze. Anati aphunzitsi ndi a tchalitchi ndiponso a sukulu, akana, ndipo akamakana mwana akupita. Nditapita kukamuona ndinamupeza atavala diresi lalitali ndi juzi, atauzidwa kuti asadandaulitse bambo ake.

A Lufeyo anamukweza panjinga n'kupita naye kwa sing'anga wina cha ku Malingunde. Kumeneko anamutema mphini pachifuwa, pamsana ndi m'mawondo, n'kupakamo mankhwala akuda, ndipo anamumwetsanso mizu yowawa. Pafupifupi aliyense m'mudzi umenewo ali ndi mphini, ine ndemwe ndili nazo za paubwana. Zimakha timadontho tingapo n'kuuma tsiku lomwelo. Za Tiyamike sizinaume.

Foni inalira ndili m'kalasi m'mawa, choko chili m'manja. Anali a Nankhoma, ndipo mawu awo sankamveka bwino. "Aphunzitsi, bwerani. Mwana uja akukha magazi chiyambire dzulo, sakuleka. Zitenje zatha." Sindikumbuka zimene ndinauza ana aja. Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, tinadutsa njira zachidule za m'minda. Anthu ankadula chimanga n'kumaimika mikukwe, ena ankatibayibitsa. Ndinkawayang'ana ndikudabwa kuti dziko likupitiriza ntchito zake.

Ndinawapeza pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi mudziwo. Tiyamike anali chigonere, milomo itayera, mabandeji atanyowa kale, ndipo m'mphuno namonso munali mutayamba kutuluka magazi. A dokotala a pamenepo anachita zimene akanatha. Anamanga mabalawo mothinitsa, anamuika diripi, n'kundiuza kuti akufunika kuchipatala chachikulu msanga. Ambulansi inali itapita kale m'tauni ndi mayi wina wovutika pobereka. Nditakweza bandeji ya pachifuwa ndinaona timizere ta lumo titandandalikana pambali pa chipsera cha opaleshoni. Pamenepo mpamene ndinadziwa chimene chinachitika.

A Lufeyo anali panja atagwira chipewa m'manja. Ndinapita pafupi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndinati asachekedwe."

"Munanena za mpeni, alamu," anayankha osandiyang'ana. "Mphini si bala, ndi mankhwala. Ife timati tikumutchinjiriza."

Mumtima mwanga ndinali nditawaweruza kale, ndipo ndinalumbira kuti mwanayo akapita sindidzapondanso m'mudzi umenewo, ngakhale kukaona manda a Esnati.

Tsiku limenelo a Lufeyo anali atapeza lole yoti itenge mabelo awo a fodya kupita nawo kumsika, ndipo inali itaima pamsewu itapakira kale. Anathamangira kumeneko n'kuyamba kugubuduzira mabelowo pansi ndi manja awo, ntchito ya chaka chonse ikugwera m'fumbi. Dalaivala anafuula kuti, "Akulu, fodyayu akabedwa musadzanditchule!" Iwo anati, "Fodya ndidzalima wina. Liza galimoto, iwe."

Tinayala matiresi kumbuyo kwa lole. Ndinamunyamula Tiyamike pamiyendo, a Nankhoma atakweza botolo la diripi m'mwamba. Ngakhale injini inkasokosera, ndikaweramira pachifuwa chake ndinkamva kachitsulo kaja kakugunda mothamanga kuposa mmene ndinamvapo. Titadutsa ku Bunda anatsegula maso n'kundifunsa kuti, "Ababa, amayinso ankamva kuzizira chonchi?" Ndinavula jekete n'kumufunditsa.

Kuchipatala chachikulu anamulandira mwachangu. Atamuyeza, a dokotala anandiuza kuti magazi ake anali atasungunuka kupitirira kutali muyeso woyenera. Anamupatsa mankhwala obweza mphamvu ya wafarini, mosamala kuti asapyole n'kuchititsa kuti magazi aundane pa kachitsulo kaja, ndipo anamuikanso madzi achikasu otengedwa m'magazi a anthu. Kukha kuja kunayamba kuchepa. Koma anati wataya magazi ambiri, mtima wake ukugwira ntchito yoposa mphamvu zake, ndipo akufunika kuwonjezeredwa magazi tsiku lomwelo. Inali nyengo ya malungo, wodi ya ana inali yodzaza, ndipo magazi a gulu lake anali atatha. Anapempha kuti achibale apereke.

Ndinathamangira kumene amatengera magazi n'kupinda malaya. Mtsikana wa kumeneko anandikweza pasikelo, anandibaya chala, kenako anapukusa mutu. Anati thupi langa latsika kwambiri ndipo inenso magazi anga ndi ochepa, sangatenge. Ndinamuchonderera, koma anakana mwaulemu. A Nankhoma nawonso anawabweza chifukwa anali atangodwala kumene malungo. Nditatuluka kuti ndifune a Lufeyo, ndinapeza kuti iwo ndi lole ija palibe. Mlonda wa pageti anati anatuluka kalekale. Ndinaganiza kuti athawa mlandu, kapena abwerera kukatola fodya wawo.

Abale anga, pamenepo mpamene ndinafika pansi penipeni. Ndinali bambo wa mwanayo, ndipo ngakhale magazi a m'thupi mwanga sanali oti n'kumuthandiza. Ndinazungulira kuseri kwa wodi, kumene osamalira odwala amayanika zitenje, n'kukhala pa njerwa dzuwa lili pamutu. Ndinayamba kuganiza za bokosi, za utali wake, ndi malo amene anatsala pambali pa mayi ake. Ndinkaganiza zimenezi modekha, ngati mmene ndimakonzera phunziro la mawa, ndipo kudekha kumeneko kumandiopsa mpaka lero. Sindinagwade, ndipo sindinalire. Ndinangonena kuti, "Ambuye, awiri aja munatenga, sindinakufunseni chifukwa. Uyu yekha ndisiyireni. Ngati simundisiyira, ine sindikudziwa kuti mawa ndidzadzukira chiyani." Linali pemphero loyamba limene ndinalimaliza chimwalirire Esnati, ndipo sindinamve chilichonse nditalimaliza.

Ndinakhala pamenepo mpaka mithunzi itayamba kutalika. Kenako a Nankhoma anabwera akuthamanga, akundikodola. Pageti panali pataima lole ija, ndipo kumbuyo kwake kunkatsika amuna ndi amayi a m'mudzi muja, ena ali ndi zovala za kumunda, ena manja ali bii ndi utomoni wa fodya. A Lufeyo anali atazungulira m'zigafa ndi m'minda, kuwachotsa anthu pantchito. Muyenera kudziwa kuti kumudzi kuja anthu ambiri amaopa kupereka magazi. Amati akakupopa subwereranso mwakale, ena amati magaziwo amakagulitsidwa. Sindikudziwa zimene a Lufeyo anawauza, koma anabwera.

Pamzere panali mantha, ndipo mantha awo ankawabisa ndi nthabwala. Bambo wina wodziwika ndi mowa anati, "Anga musatenge, ndi kachasu yekhayekha, mwanayo adzuka akuvina." Mnzake anamuyankha kuti, "Iwe ukungoopa singano, khala kumbuyo kwa azimayi." A Lufeyo ndiwo analowa koyamba. Munthu wamkulu ngati uja, singano itayandikira anatseka maso n'kutembenukira kukhoma. Ena anabwezedwa, ena anapereka. Magaziwo anakawayeza kaye ngati ali abwino, ndipo kudikira kumeneko kunali kowawa, koma dzuwa lisanalowe thumba loyamba linali litapachikidwa pamwamba pa bedi la Tiyamike. Sindikudziwa kuti anali a ndani, ndipo achipatala sanena. M'mawa mwake milomo yake inali itayamba kufiira, ndipo anapempha phala.

Tisanatuluke m'chipatala, namwino wamkulu wa kuwodi ya ana anakana kulankhula ndi ine ndekha. Anati, "Bambo, inu mukudziwa kale. Ndikufuna aliyense amene amamupatsa chakudya, amene amamugulira mankhwala, ndi amene amalamula pakhomopo." Choncho tinakhala pabenchi atatu, ine, a Nankhoma ndi a Lufeyo. Anatiuza kuti mikwingwirima, magazi a m'nkhama kapena m'mphuno, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda, kapena mutu wopweteka kwambiri, zonsezi zikutanthauza kuti mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche kawiri.

A Nankhoma anafunsa mwamanyazi kuti, "Ndiye zakuda zija sanali anthu oipa?"

"Mayi, amene ankamutsina ndi piritsi lomweli, litachuluka mphamvu," anatero namwinoyo. "Koma musalisiyitse nokha chifukwa cha mantha. Mukalisiyitsa, kachitsulo kaja katsekeka. Woyenera kusintha muyeso ndi dokotala, atayeza magazi."

Anati mankhwala aliwonse, a pa okala, a pamsika, a zitsamba, ngakhale olembedwa kuchipatala china, asamwe tisananene kuti mwanayu ali pa wafarini. Anati ngakhale pokazula dzino tiyambe tanena zimenezo. A Lufeyo anafunsa za ndiwo, chifukwa wina anawauza kuti masamba ndi oletsedwa. Namwinoyo anaseka. "Nkhwani, bonongwe, mpiru, adye ndithu. Koma azidya mofanana masiku onse, osati sabata ino mbale yodzaza, sabata yamawa osalawa. Ndipo akasiya kudya, kapena akatsegula m'mimba, bwerani naye timuyeze ngakhale tsiku lake lisanakwane." Pomaliza anawayang'ana a Lufeyo m'maso n'kunena kuti lumo ndi lumo, kaya lagwiridwa ndi mdani kaya ndi womukonda.

Mlamu wanga anati, "Za afiti ine sindinasinthe maganizo, amayi, alipo. Koma pathupi la mwana uyu sipadzafikanso lumo ine ndili moyo."

Tsiku lotuluka, tili pakhonde la chipatala, a Lufeyo anandiitanira pambali. Ndinkayembekezera kuti tikangana za kumene mwanayo akupita. Iwo anati, "Alamu, mutengeni. Kwanuko msewu wa m'tauni uli pakhomo, kukayezetsa sikuvuta. Sukulu ikatsekera muzibwera naye, azakhali ndi amayi ake aakulu adzamulangize nthawi yake ikafika. Koma inunso muzidya, mwatichititsa manyazi kubwezedwa pamzere." Ndinafuna kuwathokoza, ndinafunanso kuwauza zimene ndinalumbira tsiku lija, koma ndinangowagwira dzanja ndi manja anga awiri.

Asanakwere basi, a Lufeyo anagwada pamaso pa Tiyamike. Anati mlongo wawo ankawauza kuti mwanayu ali ndi wotchi m'chifuwa, koma iwo ankayesa nthabwala. Tiyamike anawagwira mutu n'kuuika pachifuwa chake, pamwamba pa timizere tija timene tinali titayamba kuuma. Anamvetsera nthawi yaitali. Atadzuka maso awo anali ofiira, ndipo anangoti, "Ikuyenda."

Lero Tiyamike ali pano, wabwerera kusukulu, ndipo tsiku loyeza magazi sitiliphonya ngakhale kugwe maliro. Sindikunamizani kuti chisoni chatha. Mpando wa Esnati ukadali pamalo pake, ndipo pali masiku amene ndimaphunzitsa osamva mawu anga omwe. Koma ndinapempha kuti andisiyire mmodzi, ndipo Mulungu anandisiyira. Thandizo lake analitumiza pa lole ya fodya, kudzera mwa munthu amene ndinali nditamuda, ndi anthu amene sindinawawerengepo ngati abale. Tsopano ndikapita kumudzi kuja ndimapereka moni kwa aliyense mogwada mtima, chifukwa sindikudziwa kuti ndi ndani mwa iwo amene magazi ake akuyenda mwa mwana wanga.

Ndikuthokoza Ambuye, ndikuthokoza achipatala, ndikuthokozanso inu amene munkandipempherera pamene ine ndinkalephera. Makolo anzanga, zimene mukudziwa za mankhwala a mwana wanu musazisunge awiri. Uzani amalume ake, azakhali, agogo, aphunzitsi ake, ndipo potchula zoletsedwa mutchule ndi zimene kwathu kuno sitiziyesa mabala. Inu amene muli kuseri kwa wodi lero, osamva kanthu mukapemphera, musachoke. Nenani mawu ochepa amene muli nawowo, n'kudikira. Ine ndinadikira ndilibe chikhulupiriro chokwanira, ndipo madzulo ano, dzuwa likamalowa, ndimupatsa Tiyamike piritsi lake n'kuika khutu langa pamene mayi ake ankaika lawo. Ambuye akusungeni nonse pamodzi ndi ana anu.